MBIRI YA TIMINGA TA MU UBONGO

Inu amene mwaphunzira kuwerenga muli akulu kale, mukumbukira tsiku lija munayamba kugwira pensulo. Dzanja lozolowera khasu ndi nkhwangwa linauma gwa, ndipo chilembo chimene mphunzitsi analemba mosabvutika pa bolodi chinakutulutsani thukuta. Lero dzanja lomwelo lilemba dzina lanu inu muli kucheza ndi mnzanu. Zala ndi zomwe zija, sizinatalike kapena kufupika. Nanga chasintha n'chiani? Chasinthacho chiri m'mutu, ndipo n'chaching'ono kotero kuti anthu ophunzira anakangana zaka 71 asanabvomerezane kuti chiripo ndithu. Tifuna kulongosola mbiri ya mkangano umenewo, ndi zimene zinadziwika utatha.

Tiyambe tadziwa malo ake. Thupi la munthu, ngakhalenso la nkhuku kapena la mtengo, linapangidwa ndi tizipinda tamoyo tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso, monga nyumba imangidwa ndi njerwa. Kachipinda kotere ophunzira akatcha selo, tikachuluka ati maselo. Mu ubongo wa munthu muli maselo onyamula mauthenga okwana ngati mabiliyoni 86. Koma selo la mu ubongo silifanana ndi njerwa konse, lifanana ndi mtengo. Liri ndi thunthu, liri ndi nthambi zambiri zolandirira mauthenga, ndiponso liri ndi ulusi umodzi wautali umene litumizira uthenga kwa anzake.

Ali yense amene anasendapo mbuzi adziwa kuti ubongo ndi wofewa ngati phala. Madokotala akale analikudula tizidutswa topyapyala ta ubongo ndi kutiika pansi pa maikulosikopu, ndicho chipangizo cha magalasi chokuza tinthu tating'ono, koma analikuona chipwirikiti chokhachokha. Nthambi zinali zolukanalukana, wosadziwa kuti iyi yachokera kuti ndipo yathera pati.

GOLGI NDI UTOTO WAKUDA

Amene anatsegula njira ndi dokotala wa ku Italy, dzina lake Camillo Golgi. M'chaka cha 1873 iye analikugwira nchito pa chipatala cha odwala nthenda zokhalitsa m'tauni ya Abbiategrasso, kufupi ndi Milan. Chipatalacho chinalibe chipinda chofufuzira, motero anasandutsa kakhichini kukhala malo ake a nchito. M'menemo anapeza kuti akaumitsa kachidutswa ka ubongo m'mankhwala ena ofiirira, nakanyika pambuyo pake m'madzi osungunuliramo mchere wa siliva, maselo owerengeka amada bii, thunthu ndi nthambi zomwe, pamene anzao onse atsala osadetsedwa. Taganizani nkhalango yowirira yoti munthu sangaone kutsogolo. Mitengo yonse itasanduka yoonekera ngati madzi, n'kutsala umodzi apa wina apo uli wakuda, mukhoza kuona maonekedwe a mtengo uli wonse kuyambira pa tsinde kufikira ku nsonga. Ndizo zimene utoto wa Golgi unachita. Chifukwa chimene utotowo usankhira maselo ena ndi kusiya ena, mpaka lero palibe amene wachilongosola mokwanira.

Golgi ameneyu tiyenera kumdziwa pa chifukwa chinanso. Kuyambira 1885 anafufuza tizirombo ta malungo m'magazi a anthu, naonetsa kuti thupi litentha pa nthawi imene tiziromboto taswana ndi kuphulika tonse pamodzi m'magazimo. Anali munthu wa maso akuthwa, ndipo tisamchepetse poona kuti pa nkhani ya timinga analakwa.

MNYAMATA WOSAMVA WA KU SPAIN

Santiago Ramón y Cajal anabadwa pa 1 May 1852 m'kamudzi kosauka ka m'mapiri kotchedwa Petilla de Aragón, ku Spain. Atate wake anali sing'anga wa kumidzi, munthu waukali, wofuna kuti mwana wake adzakhale dokotala. Koma mwanayo mtima wake unali pa kujambula zithunzi, ndipo kusukulu anali wobvuta. Ali ndi zaka 11 anapanga kamzinga kake, naphwanya nako chitseko cha mpanda wa mnansi wao, ndipo anamtsekera m'ndende masiku angapo. Atate wake atatopa naye anampereka kwa wometa tsitsi kuti aphunzire nchito, pambuyo pake kwa wosoka nsapato. Chimene chinambweza ndi mafupa. Atate wake anayamba kumphunzitsa mafupa a thupi la munthu, namuuza kuti awajambule, ndipo apo luso la mwana ndi khumbo la kholo zinakumana.

Anatsiriza maphunziro a udokotala ku Zaragoza mu 1873, chaka chomwe chija Golgi anapeza utoto wake. Boma linamtumiza ku chisumbu cha Cuba monga dokotala wa asilikali, kumene anadwala malungo ndi kamwazi, nabwerako mu 1875 ali mafupa okhaokha. Ndalama zimene anasunga kunkhondoko anagulira maikulosikopu yake yoyamba mu 1877.

Mu 1887, ali pa ulendo ku Madrid, anacheza kwa dokotala wina dzina lake Luis Simarro, amene anamuonetsa tizidutswa ta ubongo tonyikidwa mu utoto wa Golgi. Panali patapita zaka 14 chipezere utotowo, koma ambiri analikuunyoza chifukwa unali wosadalirika, lero ugwira mawa ukana. Cajal ataona maselo akudawo sanagonenso tulo. Chaka chomwecho anasamukira ku Barcelona kukaphunzitsa pa yunivesite, ndipo kumeneko anakonza utotowo pomanyika kachidutswa kawiri m'malo mwa kamodzi. Anachitanso china chanzeru. Poona kuti ubongo wa nyama yaikulu ndi nkhalango yokhwima, anasankha ubongo wa mbalame ndi wa tiana ta nyama, ngakhale tosabadwa, m'mene mitengo ikali yaifupi ndi yotalikirana.

Kumbuyo kwa mutu, cha kunkhongo, kuli kaubongo kakang'ono kamene kathandiza thupi kuyenda mosadzandira. M'menemo muli maselo akulu a nthambi zoyanga kwambiri. Poyang'ana maselo amenewa mu ubongo wa nkhuku, Cajal anaona kuti nthambi zao siziri zosalala. Zinali ndi tinthu totuluka m'mbali monse, tambirimbiri, ngati minga pa nthambi ya mthethe. Iye anatitcha espinas, ndiko kunena minga m'chinenero cha kwao, ndipo ifenso tititcha timinga. Poyamba iye mwini anakayika, nayesa kuti ndi zinyalala za siliva zokakamira pa nthambi. Koma poona kuti tinalikupezeka nthawi zonse, ngakhale m'tizidutswa tokonzedwa bwino koposa, anatsimikiza mtima kuti ndi chiwalo chenicheni cha selo. Analemba zimenezi m'mwezi wa May 1888, m'kanyuzi ka zofufuza kamene anayambitsa yekha ndi ndalama za m'thumba mwake. Anasindikiza makope 60, natumiza pafupifupi onse kwa ophunzira a maiko ena.

Kunali zii. Akatswiri a nthawi imeneyo anali ku Germany, ku France ndi ku Italy, ndipo chinenero cha ku Spain sanali kuchiwerenga. Tsono mu October 1889 Cajal analongedza maikulosikopu ndi timagalasi take, nadzilipirira yekha ulendo wa ku Berlin, kumene kunali msonkhano wa akatswiri a ziwalo za thupi. Anayala katundu wake pa tebulo, koma anthu analikungodutsa. Potsiriza anakoka nkhalamba ina yomveka, Albert von Kölliker wa ku Würzburg, kuti idzaone yokha. Kölliker atasuzumira anazizwa, nasanduka bwenzi lake, mpaka anaphunzira chinenero cha ku Spain ali ndi zaka zoposa 70 kuti aziwerenga zolemba za Cajal. Nayenso tingati anali wa sukulu ya akulu.

MKANGANO

Kölliker anabvomera zambiri za Cajal, koma za timinga anakana. Golgi nayenso anali atationa, pakuti utoto unali wake, koma anatiyesa litsiro la mankhwala, ndipo m'zithunzi zake zambiri anajambula nthambi zosalala. Tisafulumire kuwaseka akuluakuluwa. Siliva amasiyadi timibulu takuda pa kagalasi, ndipo munthu wochenjera ayenera kukayika chinthu chimene chioneka ndi utoto umodzi wokha. Wofufuza amene akhulupirira chiri chonse chimene waona ndi woopsa kuposa wokayika.

Cajal anayankha ndi mafunso. Ngati timinga ndi litsiro, bwanji litsirolo lisankha malo? Bwanji lipezeka pa nthambi zolandirira mauthenga, koma losapezeka pa thunthu la selo, kapena patsinde pa nthambi zazikulu? Kodi litsiro lidziwa malire? Koma anadziwa kuti mau okha sangagwetse mlandu. Motero anafuna mboni yachiwiri, ndiyo utoto wina wobiriwira wopanda siliva m'kati mwake, umene Paul Ehrlich wa ku Germany anayamba kudetsera mitsempha. Anabvutika nao mpaka unagwira, ndipo mu 1896 anaonetsa timinga tomwe tija, pa malo omwe aja, topanda siliva ndi pang'ono pomwe. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ena anagonja pamenepo, koma ena anakhalabe okayika.

Pansi pa mkangano wa timinga panali mkangano wina waukulu. Golgi analikukhulupirira kuti ulusi wa maselo onse ndi wolumikizana ngati ukonde wa asodzi, kotero kuti ubongo wonse ndi chinthu chimodzi chosaduka. Cajal analikuti iai, selo liri lonse liri palokha, limangoyandikana ndi linzake osalumikizana nalo, ndipo uthenga uchita kuoloka. Pa maganizo a Golgi timinga tinalibe nchito. Pa maganizo a Cajal tinali ndi nchito yoonekeratu, ndiyo kulandira ulusi wochokera kwa maselo ena ndi kuchulukitsa malo okumanirapo. Malo okumanirawo anapatsidwa dzina lakuti synapse mu 1897 ndi Charles Sherrington wa ku England.

Cajal anapitirira apo. Mu 1894, polankhula pamaso pa bungwe la Royal Society ku London, anati munthu akamagwiritsa nchito nzeru zake maselo sachuluka, koma nthambi zao ndi malo ao okumanira zikhoza kuchuluka. Umboni analibe, kunali kulingalira chabe, ndipo panapita zaka zoposa 100 anthu asanazione zikuchitika m'nyama yamoyo.

Mu 1906 anthu awiriwa anapatsidwa pamodzi mphotho ya Nobel ku Stockholm, ndipo kumeneko ndiko anaonana maso ndi maso koyamba. Golgi ataimirira kulankhula anatsutsa chiphunzitso cha mnzakeyo pamaso pa anthu onse, Cajal ali pomwepo. Tsiku lotsatira Cajal analongosola zake modekha. Sanayanjane. Golgi anamwalira mu 1926, Cajal pa 17 October 1934 ku Madrid, ali chilembere zoteteza chiphunzitso chake.

Chimene chinalepheretsa onse awiri ndi chipangizo. Kamunga kamodzi kutalika kwake ndi ngati gawo limodzi kapena awiri mwa magawo 1,000 a milimita, kotero kuti mutandandalika timinga 50 ndiye mwina mwafika pa kunenepa kwa tsitsi limodzi. Mpata wa pakati pa kamunga ndi ulusi ndiye wochepa koposa, ngati gawo limodzi mwa magawo 50,000 a milimita, ndipo maikulosikopu ya magalasi siingathe kuuonetsa. Panafunika maikulosikopu ya mtundu wina, younika ndi mphamvu ya magetsi m'malo mwa kuwala. Cha mu 1954 ndi 1955 ofufuza a ku America anaona nayo mpata uja, ndipo ukonde wa Golgi unathera pomwepo. Mu 1959 George Gray wa ku University College London anayang'ana khungwa la ubongo wa khoswe, ndiko kunena mbali yake yakunja, naona kamunga kali ndi khosi lopyapyala ndi kamutu, ndipo pa kamutupo patakhala nsonga ya ulusi wa selo lina. Cajal anali atagona m'manda zaka 25.

Lero tidziwa m'mene uthenga uolokera. Uyenda mu ulusi ngati mphamvu ya magetsi, ndipo ukafika kunsonga upeza mpata, monga wapaulendo afika pa mtsinje wopanda mlatho. Pamenepo nsongayo itulutsa timadontho ta mankhwala, timene tioloka mpatawo ngati bwato, ndipo kamutu ka kamunga ndiko doko la tsidya linalo. Doko likakula, katundu wotsikapo achulukanso. Selo limodzi la m'khungwa la ubongo wa munthu likhoza kukhala ndi timinga zikwi zambiri, ndipo maselo akulu aja a kunkhongo apitirira 100,000 liri lonse.

TIMINGA TA MWANA

Mlandu utatha, ofufuza anayamba kuwerenga timinga, ndipo posachedwa anaona kuti kuchuluka kwake kutsata moyo umene nyama yakhala. Mu 1967 Facundo Valverde, wa pa nyumba yofufuzira yotchedwa dzina la Cajal ku Madrid, analera mbewa mumdima chibadwire, napeza kuti mbali ya ubongo yoonera inali ndi timinga tochepa kusiyana ndi ya mbewa zoleredwa poyera. Mu 1973 ofufuza a ku California anaonetsa mbali inayo: makoswe okhala pamodzi m'khola lalikulu la zoseweretsa anali ndi timinga tambiri kuposa okhala okhaokha m'khola lopanda kanthu.

Za ana a anthu zinadabwitsa koposa. Munthu angayese kuti mwana ayamba ndi timinga pang'ono, nationjezera chaka ndi chaka kufikira atakula. Siziri tero. Peter Huttenlocher wa ku Chicago anawerenga malo okumanira m'maubongo a anthu omwalira pa misinkhu yosiyanasiyana, ndipo mu 1979 analengeza kuti mwana wa chaka chimodzi kapena ziwiri ali nao ambiri kuposa atate wake. Ubongo uyamba wafesa mowirikiza, pambuyo pake upatulira, monga mlimi wa thonje adzala mbeu zambiri pa phando nadzazula zina kuti zotsalazo zikule bwino. Timinga togwiritsidwa nchito tikhwima, tosagwiritsidwa nchito tifota. Kupatuliraku kuchitika pa ubwana ndi pa unyamata wonse, ndipo mu 2011 kunaoneka kuti m'mbali ya kumphumi, imene munthu alingalira nayo za mawa ndi kudziletsa, kupitirira mpaka munthu atapyola zaka 20. Makolo odandaula ndi anyamata ao a zaka 18 apezepo chitonthozo pang'ono.

Kupatulira kukhoza kulakwika, ngakhalenso kumera kumene. Mu 1974 Dominick Purpura wa ku New York anayang'ana ubongo wa ana amene nzeru zao sizinakule, amene madokotala sanapeze chobvuta china chiri chonse m'mitu mwao. Anagwiritsa nchito utoto wakale uja wa Golgi. Maselo analipo, nthambi zinalipo, koma timinga tinali tochepa, ndipo totsalato tinali tatitali, toonda ndi topotoka, tofanana ndi ta mwana amene akali m'mimba. Timinga tatifupi tonenepa, ta kamutu konga bowa, timene ndito tokhwima, tinali tosowa. Zaka ziwiri m'mbuyo mwake Miguel Marín-Padilla anali ataona zofanana nazo mwa ana obadwa ndi zilema zina za chibadwa. Pa nthenda ina yotengera ku mtundu yotchedwa Fragile X, timinga tichuluka ndithu koma tikhala tosakhwima, ngati munda umene mwini wake sanaupatulire.

Pali chinthu chimodzi pano chimene chitikhudza ife tonse. Mu 1999 madokotala a ku Mexico analengeza zimene anaona mu ubongo wa makanda omwalira ndi njala yoopsa, poyerekeza ndi makanda odya bwino amene anamwalira ndi zina. Ana anjalawo nthambi zao zinali zazifupi, timinga tochepa ndi topunduka. Kamunga ndi mnofu, ndipo mnofu umangidwa ndi chakudya. Phala la mwana lothira nsinjiro, dzira, usipa kapena nyemba sikuti lingonenepetsa masaya okha. M'mera m'poyamba.

PAMENE TIMINGA TITHOTHOKA

Nthenda zina za akulu zionekeranso pa timinga. Pali misala ina imene madokotala aitcha schizophrenia, imene wodwala amva mau a anthu osaoneka ndipo maganizo ake asokonezeka. Kawirikawiri iyamba pa unyamata kapena munthu atangokula, nthawi yomwe ija ya kupatulira. Mu 2000 ofufuza a ku Pittsburgh anapeza kuti m'chigawo china cha ubongo wa kumphumi, odwala nthendayi anali ndi timinga tochepa ndi 23 pa 100 poyerekeza ndi anthu osadwala. Chifukwa cha ichi ambiri aganiza kuti pa nthendayi ubongo upatulira mopitiriza muyeso, ngakhale mlandu umenewu ukali kukambidwa.

Inanso ndi nthenda ya kuiwala ya okalamba. Alois Alzheimer wa ku Germany anailongosola mu November 1906, milungu yowerengeka Golgi ndi Cajal asanakumane ku Stockholm, ndipo itchedwa ndi dzina lake. Iye anaona zibuma ndi timfundo tachilendo mu ubongo wa mai wina amene anamwalira ataiwala zonse. Kwa zaka zambiri anthu analikuwerenga zibumazo. Koma cha mu 1990 ndi 1991 ofufuza a ku America anapeza kuti chimene chitsatana kwambiri ndi kukula kwa kuiwalako ndi kutha kwa malo okumanira. Madoko ayamba kugumuka mitengo ikali chiimire.

Apa tiime pang'ono. M'midzi mwathu muli agogo amene aiwala maina a adzukulu ao, asokera pa njira ya kuchitsime imene ayendamo zaka 60, kapena apezeka usiku ali pakhomo pa eni osadziwa chimene adzera. Ena mwa okalamba otere anenedwa ufiti, ena amenyedwa ndi kupirikitsidwa pamudzi. Munthu woteroyo ndi wodwala, monga wodwala maso kapena miyendo, ndipo malo ake ndi kuchipatala ndi pakati pa abale ake.

KUONA TIMINGA TAMOYO

Zonse tanenazi zinaoneka mu ubongo wakufa. Wofufuza analikuona kamunga tsiku limodzi lokha, osadziwa ngati dzulo kanalipo kapena mawa kakadakhalapo. Kunali ngati kufuna kudziwa makhalidwe a mudzi poyang'ana chithunzi chimodzi.

Zinthu ziwiri zinasintha zimenezi. Choyamba ndi maikulosikopu yatsopano imene inapangidwa pa yunivesite ya Cornell ku America mu 1990, yotha kuunika m'kati mwa mnofu wamoyo osauononga. Chachiwiri chinachokera m'nyanja ya mchere, mwa kanyama kofewa kotchedwa jellyfish, kamene kali ndi chinthu chowala mobiriwira m'thupi mwake. Ophunzira anapeza njira yobereketsa mbewa zimene maselo ena a mu ubongo mwao awala chotero. Ndiye kuti nzeru ya Golgi inabweranso, mtengo umodzi woonekera pakati pa nkhalango, koma tsopano mtengowo uli wamoyo. Poika kazenera ka galasi pa chigaza cha mbewa, kapena popala pfupalo mpaka litapyapyala, anakhoza kubwerera ku nthambi yomweyo mawa, mlungu wamawa, ngakhale mwezi wamawa, ndi kuwerenga timinga take kamodzikamodzi.

Mu 2002 magulu awiri a ku New York analengeza zimene anaona, ndipo monga mwa mwambo wa nkhani ino, anatsutsana. Gulu la Karel Svoboda linati pafupifupi theka la timinga ndito tikhalitsa, tina timera ndi kufota m'masiku owerengeka. Gulu la Wen-Biao Gan linati mwa mbewa yaikulu timinga 96 pa 100 tikhalapobe pakutha pa mwezi, ndipo kusinthasintha kwambiri kuli mwa ana a mbewa. Kusiyanaku kunachokera pa misinkhu ya mbewazo, mbali ya ubongo imene anayang'ana, ndi kapangidwe ka zenera. Koma pa mfundo yaikulu anagwirizana: ngakhale mu ubongo wa nyama yokhwima timinga tatsopano timera, ndipo tina takale tichoka.

Mu 2004 Haruo Kasai ndi anzake ku Japan anakhoza kugogoda kamunga kamodzi kokha mobwerezabwereza ndi mankhwala aja a uthenga. Kamutu kake kanafufuma, nikayamba kulandira uthenga mwamphamvu, pamene timinga toyandikana nako tinakhala monga kale. Mu 2009 gulu la Yi Zuo ku Santa Cruz, California, linaphunzitsa mbewa kupisa dzanja pa kampata kuti zitole kambeu. Ndi nchito yobvuta kwa mbewa, monga pensulo ibvuta dzanja la khasu. Lisanathe ora limodzi chiyambire phunzirolo, timinga tatsopano tinali titayamba kumera m'mbali ya ubongo yolamulira dzanja limenelo. Tambiri mwa ito tinafota pambuyo pake, koma mbewa zikapitiriza kubwereza phunzirolo masiku otsatira, tina tinakhazikika, ndipo tinapezekabe patapita miyezi. Mbewa zoyesedwa zinali zazing'ono ndi zazikulu zomwe. Zazing'ono zinameretsa tambiri, koma zazikulu nazonso zinameretsa. Gulu la Gan linaonjeza mu 2014 kuti mbewa zimene zagona tulo zitatha kuphunzira zimeretsa timinga tambiri kuposa zimene zaletsedwa kugona.

Wokayika akadafunsabe, monga akadafunsira Kölliker: kodi timingato ndito tisunga phunzirolo, kapena tingomera pambali pake monga udzu umera pambali pa chimanga? Yankho linachokera ku Tokyo mu 2015, kwa Akiko Hayashi-Takagi pamodzi ndi Kasai. Iwo anaphunzitsa mbewa kuyenda pa ndodo yozungulira osagwa, ataika mu ubongo mwao chizindikiro chimene chikakamira pa timinga tokhato timene tangomera kapena kukula kumene. Mbewa zitadziwa bwino, anaunikira ubongowo ndi kuwala kwa mtundu wina kumene kunafwetsa timinga tachizindikiro tokhatokha. Mbewa zija zinabwerera m'mbuyo, zinayambanso kugwa msanga ngati zosaphunzira. Koma pamene anafwetsa timinga tomera ndi phunziro lina losiyana, luso la pa ndodo silinaonongeke.

Tinene mosabisa kuti zonsezi zinachitika mwa mbewa, pakuti palibe angaboole zenera pa mutu wa munthu kuti aonerere timinga take pamene aphunzira chilembo. Ndiponso chikumbukiro sichikhala m'kamunga kamodzi, monga mudzi sukhala m'nyumba imodzi. Chikhala m'gulu la maselo ambiri olumikizidwa ndi madoko amene akula pamodzi. Komabe timinga ta munthu ndi ta mbewa tifanana m'mapangidwe ndi m'kagwiridwe ka nchito, kungoti ta munthu ndi tokulirapo ndi tochulukirapo. Motero ophunzira ambiri sakayika kuti chimene chinachitika mwa mbewa yotola kambeu ndicho chinachitikanso mwa inu, pakati pa tsiku lija pensulo inakukanikani ndi lero.

Timagalasi ta Cajal sitinatayike. Zikwi zingapo tisungidwa ku Madrid pamodzi ndi zithunzi zimene anajambula ndi dzanja lake, ndipo mu 2017 bungwe la UNESCO linalemba zolemba ndi zithunzi zakezo m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi. Ofufuza a masiku ano anatenga ena mwa magalasiwo, nawaika pansi pa maikulosikopu zatsopano kuti ayerekeze ndi zithunzi zake. Utoto wa siliva sunafufutike, ndipo timinga tija tikuonekabe pa nthambi, pa malo pomwe iye anatijambula.